Katundu wakale wa agogo angakongoletse pakhomo osaoneka ngati dzala?

Mayi wina wa ku Area 49 ku Lilongwe wafunsa motere: "Agogo anga anatisiya chaka chatha, pogawana katundu ine ndinatenga zomwe anzanga sankazifuna, makina osokera a Singer, mtondo, mitsuko iwiri koma umodzi ndi wong'aluka, ketulo ndi mbale za enamel, nsimbi ya makala, bedi lachitsulo, njinga yakufa komanso thiranki yomwe agogo aamuna anabwera nayo ku Joni nthawi ya Wenela. Ndimaona pa Pinterest, tsamba lija la zithunzi pa intaneti, anthu akukongoletsa gadeni ndi zinthu zakale, amati vintage, nde ndikufuna nditero pakhomo panga koma bambo akunyumba akuti pakhala ngati padzala. Ndiyambire pati?"

Mayi, pepani ndi zovutazo, ndipo mwachita bwino kwambiri kuti simunalole katunduyo apite kwa ogula zitsulo. Ine ntchito yanga ndi yokonza pakhomo pa anthu, kudzala maluwa, kapinga, timisewu ta njerwa ndi zina zotero, nde ndikuuzeni poyambirira pomwe kuti bambo akunyumbawo sakunama ayi, mantha awowo ndi oona. Ndalowapo m'mipanda yambiri momwe munthu anaona chithunzi pa foni, mawa lake n'kutulutsa chilichonse cha m'sitolo n'kumwaza pabwalo, poto apa, tayala apo, nsapato yakutha yodzala maluwa pakhomo penipeni, ikangogwa mvula yoyamba zonse zadzadza madzi, zachita dzimbiri, udzudzu ndiye wosanena. Koma ndaonanso pakhomo pomwe ketulo imodzi yokha ya agogo inapangitsa mlendo kuima kaye asanagogode. Katundu ndi yemweyo, chosiyana ndi kuchuluka kwake, malo omwe mwamuika, komanso ngati mwamuteteza ku madzi, dzuwa ndi chiswe.

Mawu akuti vintage asakuopseni. Ogulitsa zinthu zakale amatchula choncho chinthu chomwe chadutsa zaka 20 koma sichinafike 100, chikafika 100 amati antique. Thiranki yanuyo ngati inabweradi nthawi ya Wenela ndiye kuti ili ndi zaka pafupifupi 50 kapena kuposa, chifukwa dzina la Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, linasintha kukhala TEBA mu 1977. Zomwe mumaona pa Pinterest zija zambiri ndi za ku England ndi America, iwo akutulutsa za agogo awo, zitini za mkaka, mabafa a miyendo, makheni othirira maluwa, ndipo ku England kulibe chiswe ngati chathuchi olo dzuwa la Okutobala la ku Lilongwe. Nde musavutike kusaka zofanana ndi zawozo. Inu muli ndi mtondo, mtsuko ndi nsimbi ya makala, aliyense wolowa pageti panu wazaka zopitirira 30 akaziona akumbuka kwawo, chimenecho simungachigule mu shopu iliyonse.

Musanagwire msomali kapena dirilo, imbirani kaye foni abale anu. Ndikudziwa kuti pogawana paja sanazifune, koma mtima wa munthu umatembenuka, azakhali akadzabwera n'kupeza mbale yomwe mayi awo ankadyera mwaiboola pansi, nkhani yake imatha kufika patali. Bowo silibwerera. Auzeni zomwe mukufuna kuchita, ndipo chomwe wina wachidandaula chisiyeni chosaboola, pali njira yake yomwe ndinene kutsogoloku.

Komanso si zonse zoyenera kutuluka panja. Makina a Singer aja ali ndi mbali ziwiri, mutu wake wosokera ndi miyendo yachitsulo ija yokhala ndi chopondera. Mutuwo usagone panja olo tsiku limodzi, chonde. Makina amenewo ndi olimba zedi, ambiri amangofuna oyilo, lamba watsopano ndi singano basi ayambanso kusoka, itanani telala wachikulire awaone kaye. Pamakinapo kutsogolo chakumanja pali nambala yodindidwa pachitsulo, nambala imeneyo mukaisaka pa intaneti imakuuzani chaka chomwe anapangidwa, ndipo ambiri anachokera ku fakitale ya Singer ya ku Clydebank ku Scotland yomwe inatsekedwa mu 1980. Ngati telala wanena kuti akusoka, asiyeni onse pamodzi m'nyumba, agogo akanakonda zimenezo. Ngati mutu unafa ndithu, uikeni pashelefu pabalaza, miyendoyo ndiye mutulutse, muikepo thabwa lokhuthala kapena silabu ya simenti pamwamba, likhala tebulo la pakhonde lokongola kwabasi, lomwera tiyi madzulo kapena loikapo miphika ing'onoing'ono ya maluwa.

Tsopano nkhani ya kaikidwe, pomwe pagona mkangano wanu ndi bambowo. Pagadeni mwini malo ndi zomera, katundu wakaleyu ndi mlendo. Munthu akayang'ana ayambe waona zobiriwira, kenako diso lizipeza lokha kuti aa, kodi iyo ndi ketulo eti. Ine ndimachita chonchi, ndimaima malo atatu pomwe anthu amaima kawirikawiri, pageti, pakhonde ndi pawindo la kukhitchini, ndipo pamalo aliwonse ndimafuna diso likumane ndi chinthu chachikulu chimodzi chokha. Mukaima pageti muone njinga, basi. Mukakhala pakhonde muone tebulo la Singer lija. Mukamatsuka mbale muone bedi litakutidwa ndi zoyanga. Zing'onozing'ono monga ketulo, makapu ndi nsimbi zisamwazike chimodzichimodzi pakapinga, zimaoneka ngati ana aziiwala posewera masanje, zisonkhanitseni pamodzi zitatu kapena zisanu, china chachitali china chachifupi, pamwamba pa tebulo kapena pamasitepe. Ndipo simukukakamizidwa kutulutsa zonse chaka chino, zina zikhale m'sitolo muzidzasinthanitsa.

Tibwere kumadzi, chifukwa ndi omwe amapha maluwa ambiri m'ziwiya zotere kuposa chilala. Chiwiya chilichonse chomwe muikemo dothi chikhale ndi mabowo pansi, popanda zimenezo mizu imaola sabata ziwiri zokha mvula ikalimbika mu Januwale. Enamel ndi galasi lomatidwa pachitsulo, nde mukamenya ndi msomali mwamphamvu limathetheka chigamba chachikulu n'kuyamba dzimbiri pomwepo. Matani selotepi yapepala pomwe mukufuna kuboola, mbaleyo ikhale pathabwa, boolani ndi dirilo pang'onopang'ono osakanikiza. Ngati dirilo palibe, msomali wa mainchi 4 wakuthwa bwino ndi hamala, kumenya mofatsa kuchokera mkati thabwa lili pansi, kenako pakani kapenti pang'ono pabowopo. Ketulo mabowo atatu akwana, beseni lalikulu asanu kapena asanu ndi limodzi. Mtsuko wadothi uviikeni m'madzi usiku wonse kaye kuti ufewe, m'mawa muziboola mopotokola ndi dzanja kapena dirilo yoboolera khoma, hamala ayi, ungasweke pakati.

Chomwe simukufuna kuchiboola, njira yake ndi yoika mphika mkati mwa mphika. Dulani chigubu cha mafuta ophikira kapena botolo lapulasitiki, boolani pansi, dzalani duwa mmenemo, n'kulowetsa m'chiwiya cha agogocho kuti pulasitikiyo isaoneke. Pothirira mumatulutsa, madzi akakha mumabwezeramo. Koma chotere chikhale pakhonde pomwe mvula sifika.

Pali chizolowezi choti pansi pa mphika tizithira miyala yambiri kuti madzi azidutsa, ambirife tinaphunzira choncho koma sizithandiza, madzi amangoima pamwamba pa miyalayo pafupi ndi mizu, ndipo mwachepetsa malo a dothi m'chiwiya chomwe ndi chaching'ono kale. Kaphale kamodzi kovundikira bowo kuti dothi lisatuluke ndi kokwanira. Dothi lake musangokumba lakatondo la pabwalo, m'chiwiya limauma gwa ngati njerwa. Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda lapamwamba, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje, gawo limodzi la manyowa oola bwino, aja osanunkha komanso osatentha mukapisamo dzanja. Timakala tophwanyika totsalira pansi pa thumba ponyanimo pang'ono, timathandiza kuti dothi lisagwirane. Za aloe vera ndi timaluwa tina tamasamba onenepa tija timafuna mchenga wochuluka, theka ndi theka.

Ndipo chonde mayi, pasapezeke chiwiya chosunga madzi odikha pabwalo. Nyengo yotentha udzudzu umachoka padzira kufika pouluka pasanathe sabata ziwiri, kukongola kwa pakhomo kusatibweretsere matenda m'nyumba. Timbale toika pansi pa miphika tija muzikhuthula, mabotolo ngati mukutchingira nawo bedi la maluwa muziwazika chozondotsa kukamwa pansi. Ngati mukufuna mbale imodzi ya enamel ikhale yomwera mbalame, zomwe ndimazikonda kwambiri chifukwa timba ndi apumbwa amabwera, madzi ake muzisintha masiku awiri kapena atatu alionse n'kutsukamo.

China chomwe zithunzi za kunja sizingakuuzeni ndi kutentha kwa chitsulo. Ndinakonzapo pakhomo pena ku Blantyre, mayi wake anali ndi mphika wakuda wa miyendo itatu wa amayi awo, tinadzalamo geranium mwezi wa Juni kukuzizira, anakula bwino mpaka aliyense kumajambula. Kufika Okutobala anandiimbira foni kuti maluwa afota chonsecho akuthirira m'mawa ndi madzulo. Nditapita masana ndinalephera kugwira mphikawo ndi dzanja, mizu yonse ya m'mbali inali itapsa. Zinandipweteka chifukwa kulakwa kunali kwanga, ndinauika poyera pomwe dzuwa limaomba tsiku lonse. Kuchokera pamenepo chiwiya chachitsulo ndimachiika pomwe chimalandira dzuwa la m'mawa lokha, kum'mawa kwa nyumba kapena pansi pa mtengo wa mthunzi wopepuka, ndipo mkati m'mbali ndimayalamo katoni kapena chiguduli ndisanathire dothi. Mtsuko ulibe vuto limeneli, dothi lowotcha limapuma, ndi chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira, mizu nayo imamva bwino chimodzimodzi. Padzuwa lamphamvu ikani mitsuko, zitsulo zipite kumthunzi.

Wong'aluka uja musautaye, ndiye wabwino kuposa wamoyowo. Ugonekeni cham'mbali, mbali yong'alukayo pansi, muukwirire pang'ono ngati gawo limodzi mwa atatu, kenako dzalani timaluwa tating'ono toyala pansi monga portulaca kapena alyssum kuyambira mkamwa mwake kumatambasuka pabwalo, zimaoneka ngati mtsuko wagwa maluwa n'kutayika. Portulaca ndi wopirira, saopa dzuwa ndipo kanthambi kake mukangokazika kamera. M'ketulo mumakhala bwino zolendewera, spider plant kapena nasturtium, m'mbale zosaya muikemo tamasamba onenepa tija poti mizu yake siipita pansi. Mint ndiye amayenera m'chiwiya ndithu chifukwa pansi amalanda malo onse.

Mtondo ndi womwe ndikuuderako nkhawa. Ukangokhudza dothi chiswe chaupeza, ndipo chimadya mkati kunja kukuoneka bwinobwino, tsiku lomwe mudzaunyamule udzangotsala chikhungwa. Musathiremo dothi mwachindunji, musauimike pakapinga. Ukhale pakhonde pasimenti, kapena pamwamba pa njerwa zosanjikiza ziwiri pomwe mungathe kusuzumira pansi n'kuona ngati chiswe chayamba kumanga njira zake. Upukuteni bwino, pakani linseed oil kawiri, amapezeka mu hadiweya, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka mvula isanayambe. Ena amapaka oyilo wakutha wa galimoto, chiswe amathawitsadi koma mtondo umada bii, umanunkha, ndipo oyiloyo amatsikira m'dothi, ine sindingakulangizeni. Mkati mwake lowetsani chigubu chodula chija muli fern kapena duwa lina lokonda mthunzi, munsi muutsamiritse pambali pake. Osaiwala kuti madzi asatsalire pansi pa mtondo mkatimo.

Thiranki nayo ndingakonde ikhale pakhonde, yosaboola. Ngati pali dzina la agogo lolembedwa ndi penti kapena mapepala omata a paulendo, musafufute olo pang'ono, pakani vanishi woonekera pamwamba pake kuti zisungike. Itsekuleni chivundikiro, muikemo miphika itatu inayi ya maluwa, kapena ikhale yotseka muzisungiramo timakasu ndi mbewu, pamwamba n'kukhalapo anthu.

Bedi lachitsulo lija ndi chuma, anthu ambiri sadziwa. Chimango chake chokhala ndi masipuling'i mukachiimika chilili n'kuchimangirira kumapaipi awiri ozikidwa ndi simenti, mwapeza poyangira zomera pabwino kuposa waya wogula. Apa ndiye ndimakonda kudzala zathu zomwe, nkhungudzu zimachita maluwa ofiirira okongola kwambiri ndipo nyemba zake mudya, chinkhupule chimachita maluwa achikasu n'kukupatsani chosambira, magalagadeya nawo amakuta bwino koma amalemera nde mapaipi akhale olimba. Zimenezi agogo ankadzala kumpanda kwawo, zimagwirizana ndi katundu wawoyo kuposa maluwa odula a ku nazale. Kumutu ndi kumiyendo kwa bedi mutha kuzika m'mbali mwa bedi la maluwa ngati kampanda. Ndipo pafupi pake ponyani chidede, mapesi ake ofiira aja amakongola, ndi mpungabwi pang'ono kuti madzulo pazinunkhira kumudzi.

Njinga ndi yosavuta, itsamire pamtengo kapena pakhoma, dengu kutsogolo dengu pakaliyala, mkati mwa madengu muyale pulasitiki yoboola musanaike miphika, podziwa kuti dengu panja limatha chaka chimodzi kapena ziwiri muzisintha. Koma kumbukirani kuti zitsulo zakutha masiku ano ndi ndalama, anyamata amayenda ndi matumba m'makwalala kutola. Njinga, miyendo ya Singer ndi nsimbi ndi zoyamba kusowa. Pitani kwa owotcherera akuikireni kachitsulo kozika pansi ndi simenti, kapena tcheni chobisika kuseri kwa maluwa, ndipo ngati mpanda wanu ndi wapansi zamtengo wapatali pamtima panu zikhale kuseri kwa nyumba osati kumsewu.

Za dzimbiri ndi penti, apa ndi pomwe ambiri amaonongera. Amatenga penti wofiira, wachikasu, wabuluu wowala n'kupaka chilichonse, ukale wonse uja n'kuthawa, pakhomo n'kumaoneka ngati pa nazale ya ana. Chinthu chakale chizioneka kuti ndi chakale. Palani dzimbiri lofundukalo ndi bulashi yawaya, pukutani, pakani vanishi woonekera kapena linseed yemwe uja, mtundu wadzimbiri wotsalawo ndi wokongola pakati pa masamba obiriwira. Nsimbi muiviike mu viniga usiku umodzi, m'mawa kupala, kutsuka, kuumitsa padzuwa n'kupaka mafuta nthawi yomweyo isanayambenso. Pomwe chitsulo chadyeka kwambiri, monga miyendo ya bedi yokhudza pansi, yambani ndi red oxide, penti wofiira uja woteteza dzimbiri, kenako penti, ndipo pakhomo ponse musankhe mitundu iwiri yokha yofatsa, kirimu ndi wobiriwira wakuda mwachitsanzo, kapena wakuda wosawala wa miyendo ya Singer. Enamel musaipake penti ayi, kuthetheka kwake m'milomo ndi komwe kumanena zaka zake.

Penti wakale wina amakhala ndi mtovu, womwe ndi poizoni makamaka kwa ana, nde popala nyowetsani kaye kuti fumbi lisauluke, mangani kansalu kumphuno, ana akhale kutali, ndipo m'chiwiya chopakidwa penti wakale musadzalemo ndiwo kapena chilichonse chodya, maluwa okha. Chimodzimodzi zigubu zomwe munali mankhwala a mbewu ndi mabokosi a mabatire a galimoto, zimenezo zisayandikire n'komwe. Milomo yakuthwa ya zitini ipindeni ndi pulayala, bala la chitsulo chakuda limatha kubweretsa kafumbata. Beseni lovundikira pansi ndi nyumba ya zinkhanira ndi njoka, chilichonse chikhale chodzadza dothi kapena chokwezedwa.

Kanthu kena kakang'ono, poti tikukhala ndi anthu. Mtsuko wokhawokha wopanda kanthu pageti penipeni ena amauona mwina, amayamba kunong'onezana kuti pakhomo paja anatsirika. Mukadzalamo maluwa ooneka bwino n'kuuika pamodzi ndi miphika ina nkhani imeneyo siibuka.

Poyambira penipeni ndi apa, Loweruka likubwerali sankhani ngodya imodzi yokha, ine ndingati ya pakhonde. Ikani miyendo ya Singer ndi thabwa lake ngati telala wagamula kuti mutu unafa, apo ayi katebulo kalikonse kakale, pamwamba ketulo ya spider plant, nsimbi yotsekula muli kaduwa kamodzi kamasamba onenepa, ndi mbale imodzi, pansi pambali mtondo pa njerwa zake. Zina zonse zibwerere m'sitolo. Musawauze bambowo zambiri, muwapangire tiyi akhale pamenepo madzulo. Pakatha mwezi maluwa atagwira ndiye mupite pa mtsuko wogoneka uja. Bedi lidikire mpaka kumapeto kwa Novembala kapena Disembala mvula ikayamba, nkhungudzu ndi chinkhupule mukadzala ndi mvula yoyamba pofika Febuluwale masipuling'i onse akhala atabisika, koma mapaipi ake zikiranitu mu Okutobala kuti simenti ikhale itagwira.